Giya ya Mphamvu Itakana pa Mtsetse

Kandodo kolowetsera giya ya mphamvu kanakana kachitatu. Mphunzitsi anaponda klachi mpaka pansi, nakakoka ndi manja awiri, koma pansi pa galimoto panangomveka kukukuta ngati munthu akutafuna miyala. Anakasiya, napukuta manja pa thalauza.

Anali ataima pamwamba pa mtsetse, pomwe msewu wochokera kumudzi kwawo umayamba kutsika phiri mokhotakhota. Mbali ina kunali khoma la dothi lofiira, mbali inayo phompho. Chipatala chinali kumusi, kutsidya kwa mlatho. Galimoto yakale ngati iyi sinkatsika pamenepo popanda giya ya mphamvu, ija imachititsa injini kugwira galimoto kuti iziyenda ngati nkhono. Mabuleki okha akanatentha asanafike pakati.

"Aphunzitsi, tikugona pano?" anafunsa mchemwali wake ali kumpando wakumbuyo. Ankamutchula choncho akafuna kumubaya ndi mawu.

"Sikakulowa, achemwali."

"Nanga kwa bambo kamalowa bwanji?"

Bambo awo anali atagona pampandopo, mutu uli pamiyendo ya mchemwaliyo. Anagwa m'khola la ng'ombe mmawa wa tsikulo. Pakamwa panali patapotoka, mkono wamanja utafa, ndipo akafuna kulankhula ankangotulutsa mpweya ndi dovu. Galimotoyo inali yawo. Kwa zaka makumi atatu sanalolepo munthu kukhala pachiwongolero. Mphunzitsi anaphunzira kuyendetsa m'tauni, pa tigalimoto tofewa ta anzake, ndipo anangobwera kumudzi kudzapuma patchuthi.

Kum'mawa kunali kutada bii, ngakhale inali isanakwane thili koloko. Mphepo inali itasiya kuwomba.

Mphunzitsi anatuluka, nayenda uku ndi uku foni ili m'mwamba mpaka itagwira netiweki pafupi ndi chulu. Anaimbira mlamu wake, mwamuna wa mchemwaliyo, yemwe anali makaniko m'tauni.

"Alamu, giya yaikulu mwaiika pa nyutulo?" anafunsa makaniko.

"Ndaiika."

"Galimoto yaimiratu?"

"Yaima."

"Bwererani m'mbuyo pang'ono, ngati mapazi atatu, muyesenso. Nthawi zina mano a giya amangoyang'anizana."

Mphunzitsi anathamangira ku galimoto, nabwerera m'mbuyo, nakoka kandodo. Kukukuta komwe kuja. Anathamangiranso kuchulu.

"Ndiye lowani pansi," anatero makaniko. "Tsatirani kandodoko ndi dzanja. Pali kachitsulo kolumikiza kandodo ndi bokosi la giya. Muone ngati..." Mawu anaduka. Anaimbanso kawiri, koma foni inangoti zii.

Anagona chagada pa miyala, nakwawira pansi pa galimoto. Kunkanunkha oyilo wopserera. Anapapasa mpaka anakapeza kachitsulo kaja. Kanali katakutidwa ndi matope ouma, ndipo mwala wonga chala unali utapanikizika pambali pake. Anaugogoda ndi sipanala mpaka unagwa. Atachotsa matope anaona pomwe panali vuto. Pomwe pankayenera kukhala bawuti panali waya wadzimbiri, wopotedwa mwaluso kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Anadziwa mapotedwe amenewo. Ndi momwe bambo ankamangira mpanda wa khola.

Dontho loyamba linamugwera pa mwendo womwe unali kunja.

Atabwerera pachiwongolero, kandodo kanasuntha kuposa poyamba, koma pofika kumapeto kanakukutanso n'kumukankha dzanja.

"Tabwerera kunyumba tikafune ngolo," anatero mchemwali.

"Ngolo ikafika mawa. Mvula ikagwa, mtsinje udzaza mlatho."

"Ndiye tsika ndi mabuleki."

"Mukufuna tikafike tonse atatu pa machira?"

Kenaka anamva kugogoda kumbuyo kwa mpando wake. Anacheuka. Bambo anali atamuyang'anitsitsa ndi diso limodzi, linalo litagwa chikope. Anatukula dzanja lamanzere, nagwirizanitsa zala ziwiri, napotoza m'malere.

"Akufuna madzi?" anafunsa mchemwali.

Bambo anabuula mokwiya, napotozanso.

"Kiyi," anatero mphunzitsi. "Mukuti ndizimitse, bambo?"

Chikope chabwinocho chinaphethira.

Anazimitsa injini. Kunangotsala phokoso la madontho padenga ndi kupuma kwa bambo, komwe kunkamveka ngati mkonono. Anaponda klachi, nakoka kandodo pang'onopang'ono. Kanalowa, kho, ngati chitseko chodzozedwa mafuta.

"Kalowa!" anafuula. "Achemwali, kalowa!"

Koma bambo sanatsitse dzanja. Anafumbata chibakera, nachikokera pachifuwa, nachigwira pomwepo mwamphamvu. Ankayesa kunena mawu ena, milomo ikukana.

"Tamva, bambo, tamva," anatero mchemwali, akuwapukuta pakamwa. "Pumani. Iwe, tiye."

Mphunzitsi analiza injini n'kuyamba kutsika. Galimoto inkalira mokweza koma ikuyenda mwaulemu, tayala lililonse likugwira nthaka. Anadutsa pokhota poyamba, kenaka pachiwiri. Mvula inakula. Chopukutira galasi chimodzi chokha ndi chomwe chinkagwira ntchito, ndipo dothi lofiira linayamba kunyezimira.

Pokhota pachitatu tayala lakutsogolo linagwa m'kadzenje. Pansi panamveka phaa! Kandodo kanadumphira kutsogolo kokha, injini inaleka kugwira, ndipo galimoto inamasuka ngati ng'ombe yodula chingwe.

Anaponda buleki. Matayala anaima koma galimoto sinaime, inkatsetsereka cham'mbali kulunjika kuphompho. Anamva mchemwali akuitana mayi awo omwe anamwalira kalekale. Anachotsa phazi pa buleki, napotozera chiwongolero kukhoma, naponderanso. Mphuno ya galimoto inakanda dothi, nyali inasweka, ndipo anaima.

  Bambo anali atagwera pakati pa mipando, mchemwali akulimbana nawo kuwabwezera pamwamba. Mphunzitsi anatuluka kukamuthandiza. Thupi lawo linali lolemera modabwitsa, ndipo diso lija linali litatsekeka tsopano.

"Ndi zimene amanena," anatero mphunzitsi. "Chibakera chija. Kamatuluka kokha. Kamafunika kukagwira njira yonse."

"Ndiye uzikagwira."

"Ndi dzanja liti? Pamatope pano chiwongolero chikufuna manja awiri."

Anayesa kukamanga ndi lamba wake kuchitsulo cha mpando, koma lambayo ankaterereka pa kandodo. Anayesa mpango wa mchemwali, nawo unkatamuka akangokankha pang'ono. Madzi ofiira anali atayamba kuyenda m'mphepete mwa msewu, akukokolola timiyala.

"Mubwere kutsogolo, achemwali."

"Ndiwasiye okha?"

"Tiwatchinjiriza ndi mabulangete."

"Akatsamwa? Ndakhala ndikuwatembenuza mutu njira yonseyi. Ukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa."

Mchemwali anamuyang'ana nthawi yaitali, mvula ikumutsika kumaso. Kenaka anawagoneka bambo cham'mbali, napinda bulangete limodzi kumsana kwawo, lina pansi pa tsaya, chikwama cha zovala nachipanikiza pakati pa mipando. Anawanong'oneza kanthu kukhutu, natseka chitseko.

Mphunzitsi anazimitsa injini, nalowetsa kandodo, nalizanso. Mchemwali anakhala pambali pake, nakagwira ndi manja onse awiri, phazi ataponda pansi pa galasi lakutsogolo kuti apeze mphamvu.

Anachoka pakhoma paja n'kupitiriza kutsika. Pa dzenje lililonse kandodo kankalimbana naye, kakufuna kuthawa, ndipo iye ankakabweza mano ali gwa. Mitsempha inatuluka m'mikono mwake. Kumbuyo mkonono wa bambo unkamveka pamwamba pa injini, ukukwera, ukutsika.

Anawerenga mokhota mwina musanu. Penapake pakati pa mwachinayi ndi mwachisanu, mphunzitsi anazindikira kuti akungomva injini ndi mvula basi. Anatchera khutu. Anafuna kuyang'ana pagalasi loonera kumbuyo, koma linali litapindika pa kugunda kuja, likuonetsa denga. Anaponya diso kwa mchemwali. Iye ankayang'ana kutsogolo, misozi ikutsika, manja osasuntha pa kandodo.

Mlatho unaonekera kumusi. Madzi anali atafika kale m'milomo mwake, akunyambita matabwa, atasenza zinyalala ndi nthambi.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu. "Ndiime tiwaone?"

Mchemwali sanacheuke.

"Ukaima, sitiwoloka," anatero. "Yendetsa."