Samu Yolakwika pa Bolodi la Tatay

Tita Remedios, azakhali a Amihan, anali atanyowetsa kale kansanza pamene Amihan analowa m'galaja ndi thireyi kudzatolera makapu.

Bambo ake a Amihan, Tatay Renato, anaikidwa Lachitatu. Mipando yobwereka kutchalitchi inali isanabwezedwe, ndipo bolodi lawo lobiriwira linali chiimire pamalo pake, mopendeka ngati kale. Loweruka lililonse makolo a mumzinda wa Iloilo ophunzitsa ana awo pakhomo ankasonkhana m'galajamo kuti Tatay awaonetse kaphunzitsidwe ka masamu. Ankayamba ndi pemphero, n'kuimba nyimbo zolowezera manambala, kenako mafunso osatha. Tatay ankati Mulungu anayala dziko mwadongosolo, ndipo masamu ndi njira yoonera dongosololo. Ankatinso kholo lisaope, lingokhala patsogolo pa mwana ndi phazi limodzi basi. Makolowo ankadandaula kuti bolodi lopendekalo likuwapweteketsa makosi, koma Tatay ankangoseka, osaliwongola.

Za gululi Amihan ankadziwa zonse. Ankadziwa mayi amene amabisa kakyuleta m'chikwama cha Baibulo, ndi bambo amene amangogwedeza milomo poimba nyimbo yochulukitsa ndi seveni. Ankadziwanso, poti dzulo lake khutu lake linapezeka pachitseko, kuti Tita akufuna kumutenga Lolemba kupita naye ku Manila akalowe sukulu. Tita ankati palibenso womuphunzitsa masamu. Amayi a Amihan, Nanay Nenita, anasiyira sukulu panjira, ndipo pa Loweruka ntchito yawo inali khofi ndi bibingka, chikondamoyo cha mpunga chija. Nanay sanakane. Anangoti aganiza. Aka kanali koyamba kuti Amihan amve nkhani yotentha chonchi n'kusowa mphamvu zokauza munthu.

Pabolodi panali zimene Tatay analemba Loweruka lawo lomaliza: ½ + ⅓ = ⅖.

Tita, amene amagwira ntchito ya akawunti, anaona nthawi yomweyo kuti samuyo ndi yolakwika. Maso ali jenjenje ananena kuti odzatenga mipando akaiona azikanena kuti matenda anali atawafika Tatay m'mutu.

"Achimwene anga sangakumbukiridwe ndi samu yolakwika," anatero akukweza kansanza.

"Alamu, musafufute."

Mawuwo anachokera pawindo la kukhitchini. Nanay anatuluka akupukuta manja, mbale ya bibingka ili kukhwapa. Amihan anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti Tatay ankalakwitsa dala samu yomaliza, n'kuisiya sabata yonse kuti makolo aphunzire kutsutsa bolodi. Nkhani yotere sakanalola wina amulande. Koma Nanay anamutembenukira, mutu atapendeketsa, namuitana ndi dzina lachikondi loitanira ana aakazi.

"Inday, ukuona chiyani apa?"

Linali funso la Tatay lenileni, ngakhale kapendekedwe ka mutu komwe. Amihan anayankha kuti samuyo ndi yolakwika.

"Sindinafunse zimenezo, mayi wa nkhani iwe. Ndati ukuona chiyani?"

Nanay anadula bibingka pakati, nakankhira theka kwa mwanayo. Anamufunsa ngati theka lingachepe munthu akaliwonjezera kanthu. Amihan anayang'ana mbale, nayang'ana bolodi, nanena pang'onopang'ono kuti magawo awiri mwa asanu safika n'komwe pa theka.

Tita anafunsa, osati monyoza, kuti nanga yankho lake ndi chiyani.

"Sindikulidziwa," anatero Nanay. "Tilipeza ndi mwanayu Loweruka lisanafike."

"Nanga chaka chamawa, alamu? Masamu amakula. Muli ndi chisoni panopa, musalonjeze zimene zidzakulemereni."

"Zidzandilemera ndithu. Koma phazi limodzi ndingalikwanitse. Mwanayu asapite."

Tita anayang'ana kansanza kakudontha madzi pa simenti. Kenako anakafinya, nakapinda, nanena kuti aziimba foni Loweruka lililonse kuti amve pomwe afika, ndipo akadzaona kuti zikuvuta adzayambitsanso nkhani ya ku Manila. Nanay anati zimenezo n'zachilungamo. Tita anatola theka lina la bibingka nayamba kudya chiimirire, akudandaula kuti kokonati wachepa.

Amihan ananyamula thireyi, akuwerengera kale mumtima anzake oyenera kumva nkhaniyi lisanalowe dzuwa. Anaika makapu m'sinki, natsegula mpopi, nadzutsa mutu.

Poyang'ana kuchokera pasinkipo, bolodi silinali lopendeka. Linali litayang'ana windo la kukhitchini maso ndi maso, manambala a Tatay akuluakulu, owerengeka bwino munthu ali pakati potsuka mbale. Pamphepete pa windo, pafupi ndi sopo, panali kachoko kakang'ono kotsala pang'ono kutha.

Amihan anatseka mpopi, napukuta manja, nakatengera kachokoko kwa amayi ake.