Zibakera Zosafumbatuka za Keziah

Ku London masiku amenewo, akazi akamamenyana nkhonya pansanja, aliyense ankafumbata khobidi lasiliva kudzanja lililonse. Woyamba kugwetsa ndiye wagonja. Lamuloli analiika kuti asamakandane kapena kuzulana tsitsi ngati akulimbirana mwamuna. Ndiye panali Keziah Thrupp, mayi wogulitsa nsomba, amene chiyambireni nkhonya anali asanagwetsepo khobidi. Mbiri imeneyi inamulowa m'mutu.

Atamva kuti Hester Mudge, mayi wochapa zovala wa kutsidya kwa mtsinje, wamuputa kuti amenyane pansanja, Keziah anakonzekera mwa njira yakeyake. Anafumbata makobidi ake n'kulumbira kuti safumbatulanso mpaka ndewuyo ithe. Ankagona nawo, ankapita nawo kutchalitchi, ndipo nsomba pamsika ankaziloza ndi chigongono.

Amene anaona zakuda ndi mwamuna wake Barnaby, bambo wofatsa wosoka nsapato. Kumudyetsa phala, iye. Kumumanga zingwe za diresi, iye. Kumukanda pamsana, kumupukuta mamina, iye yemweyo, abale!

"Akazi anga, kodi ndinakwatira munthu kapena nkhanu?" anadandaula Barnaby m'mawa wa tsiku la ndewu. "Dzulo mumati mundisisite tsaya, taonani diso langali."

"Pirirani bambo, zithera lero."

"Ndapirira mokwana. Ine ndikufuna dzanja, osati mwala. Mukakwera pansanja paja musanandigwire dzanja, ndikukwera ngolo ya ku York kwa achimwene, ndipo simudzandionanso."

Keziah anangoseka. Barnaby kuchoka? Munthu woti amaopa ndi tsekwe yemwe!

Masana ake pabwalo panadzaza anthu, fungo la mowa lili guu. Hester sanabwere kudzacheza. Mikono yake inali yozolowera kufinya mabulangete, moti chibakera choyamba chinamusiya Keziah akuona nyenyezi. Naye anabweza, Hester mphuno n'kuyamba kuchucha. Zinthu zimayenda bwino ndithu, mpaka pamene Keziah anaponya maso kuseri kwa chikhamu. Uyo Barnaby, chipewa cha Lamulungu kumutu, kamtolo ka zida zake paphewa, akulunjika kokwerera ngolo.

Keziah ankamukonda zedi mwamuna wakeyo, kungoti kunena ndiye sankatha. Basi, anaganiza zogwetsa khobidi kuti ndewu ithe, amuthamangire.

Koma zala zinakana, zauma gwaa. Anakutumula mikono, anthu n'kukuwa kuti ndi kamenyedwe katsopano. Anaziluma, anazimenyetsa pamtengo, osatheka. Anati adumphe pansanja, azibambo obetcha anamukankhiramo, amvekere ndewu siitha khobidi lisanagwe.

"Hester, mnzanga, tandifumbatula dzanjali!" anachonderera Keziah. "Ndikufuna kugonja!"

"Wapenga iwe? Ndikufumbatule ndi chiyani, makutu? Nanenso ndafumbata!"

"Amuna anga akupita, Hester! Si awo uko!"

Hester anacheuka, n'kuona kabambo kowerama kaja kakukweza katundu pangolo. Iyeyo mwamuna wake anapita panyanja kalekale osabwerako, ndipo ankadziwa mmene nyumba imazizirira.

"Chitsiru cha mkazi iwe," anatero akumina magazi. "Bwera nalo kuno."

Anambwandira chibakera cha Keziah ndi manja onse awiri. Ngwee! Ngwee! Makobidi awiri anagubuduzika pamatabwa, koma anali a Hester.

Bwalo linaphulika. "Keziah! Keziah wosagwetsa!" Hester anayesa kufotokoza, koma ndani akanamumva? Azibambo anamunyamula Keziah pamapewa n'kuyamba ulendo wa kunyumba ya mowa, imene inali mbali ina ndi kokwerera ngolo. Anakuwa kuti amutsitse, iwo n'kumavomera ngati nyimbo. Anawakhoma zibakera m'mitu, iwo n'kumanyadira kuti awakhudza ndi dzanja la ngwazi.

Ali m'mwambamo anamuona bwinobwino Barnaby atakhala padenga la ngolo. Mahatchi atayamba kukoka, bamboyo anacheuka, maso ali yuu, akumufunafuna m'chikhamu. Maso awo anakumana. Keziah, misozi ili chuchuchu, anatukula dzanja m'mwamba ndi mphamvu zake zonse kuti amukodole abwerere.

Chimene Barnaby anaona n'chibakera chikumugwedezera. Anakonza chipewa chake, n'kutembenukira kutsogolo.