Wayifayi ya m'firiji ya ba Kapambwe

Anthu ena akapuma pa ntchito amagula mpando wofewa n'kuyamba kudikira matenda. Ba Norah ndi amuna awo ba Dumi anagula minibasi yotopa, ya zija zimathamanga pakati pa Chawama ndi tauni, n'kuzula mipando yonse. Anaikamo bedi, kasitovu ka gasi, ndowa ziwiri, ndi sola padenga. M'nyumba yawo ya ku Chawama analowetsamo anthu a lendi, iwo n'kuyamba kuzungulira dziko ngati azungu a makabudula aja, mwezi uno ku Siavonga, mwezi wamawa ku Mpulungu, kugona m'makampu momwe amaimikamo magalimoto otere. Achibale anati nkhalambazi zapenga. Zinapengadi, koma zinanenepa.

Pa maulendo onsewa, ba Dumi ntchito yawo inali chiwongolero, ba Norah yawo inali netiweki. Anali ndi masimu khadi a makampani onse, omangidwa pa mfundo ya mpango, ndiponso nsungwi yaitali yokwezera m'mwamba karauta kawo, kabokosi kogawa wayifayi. Akafika pa kampu, asanafunse n'komwe kuti chimbudzi chili kuti, ankayamba ayenda uku ndi uku foni ili m'mwamba, ngati akuonetsa Mulungu chithunzi. Msewu unawaphunzitsa kuti mwini kampu akanena kuti wayifayi ilipo, ndiye kuti ilipo pa khonde pake basi, inu kuseri kwa thanki mudziwa nokha.

Ulendo uno sanabwere ku Lusaka kudzacheza, anabwera kudzasaka netiweki yolimba ya m'tauni. Ndaona, mwana wa malemu mchimwene wawo, ankakwatiwa mawa lake ku Perth, kutsidya kwa nyanja uko, ndipo anali asanalangizidwe. Mayi ake anapita kale, bambo ake anapita kale, anatsala ndi azakhali akewa. Akuchimuna, anthu a ku Kitwe okhala komweko, anali atanena mwaulemu woluma kuti ngati mtsikanayo alibe munthu, azimayi a kwawo amulangiza okha. Ba Norah atamva mawu amenewo sanadye. Mwana wa mchimwene wawo kulangizidwa ndi akuchimuna, ngati anachita kumutola pa siteshoni? Analonjeza kuti Lachisanu masana adzamulangiza okha pa vidiyo, olo zivute bwanji.

Choncho Lachisanu m'mawa minibasi inalowa pa geti pa ba Kapambwe ku Kalingalinga. Ba Kapambwe anali mayi wamasiye wa Chibemba, wa thupi lodzaza chitseko, amene anasandutsa bwalo lake kukhala kampu ya apaulendo. Pa mpanda panalembedwa ndi penti wofiira kuti pali madzi otentha, mlonda ndi wayifayi. Mlondayo anali galu. Za madzi otentha tisiye.

Ba Norah anayamba ndi zawo. Anayesa simu yoyamba, yachiwiri, yachitatu, nsungwi ili chilili, koma magetsi anali atapita dera lonse kuyambira mbandakucha ndipo netiweki ya makampani onse inali kupuma ngati nkhuku yodwala chitopa. Anapempha pasiwedi ya pa kampupo. Inalowa bwinobwino, koma kanzere ka netiweki kanali kamodzi, nako kothawathawa.

Ndiye anayamba kuyenda kwawo kuja. Pa geti palibe. Pa mpopi palibe. Pafupi ndi khitchini kanzere kanadzuka. Analowa m'khitchinimo osaodira, foni ikuwatsogolera, mpaka anaima pamaso pa firiji yakufa, yomangidwa ndi tcheni ndi loko wamkulu ngati wa pa golosale. Kawaya kochokera ku batire ya sola kankalowa pa mpata wa chitseko chake.

"Ba Kapambwe, wayifayi yanu muisunga mu firiji?"

"Nanga niisunge kuti? Yoyamba banaba. Iyi sibazaiona."

Ba Kapambwe anafotokoza monyadira kuti m'firijimo munalinso shuga, masitifiketi a ana ndi mafuta ophikira, ndipo chiyambire palibe chinasowapo. Ba Norah sanaseke, ngakhale nthiti zinkawayabwa. Anawauza kuti netiweki ili ngati fungo la kapenta, imafuna mpata, ukaitsekera m'chitsulo imangodzinunkhira yokha. Ba Kapambwe anakana. Anati alendo ena onse amangodandaula pang'ono n'kugona, ndipo rauta yawo situluka panja ngati mbuzi.

Apa ba Norah anakhala pansi pa simenti, nsapato atavula, n'kuwauza za Ndaona. Ananena za mchimwene wawo, za mwana amene anakula akuchapa yekha yunifomu, ndi za mayi wa akuchimuna amene pa nthawi yomweyo anali atakhala m'chipinda china ku Perth, chitenje chili m'chiuno, kudikira kuti azakhali a mu minibasi alephere. Ba Kapambwe anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anapisa dzanja m'bulauzi n'kutulutsa kiyi.

Rauta inatuluka ikununkha anyezi. Ba Dumi anaimangirira kunsonga kwa nsungwi, waya anaulumikiza ku batire ya mu basi, n'kukwera padenga atagwira nsungwiyo ngati mbendera. Tinzere tonse tinadzaza. Ba Norah anaimba, nkhope ya Ndaona inabwera yoyera bwino, ndipo mwana anangoti, "Anti," basi nkhope ija inauma, pakamwa pali yasa. Anaimbanso. Mawu ankabwera zidutswazidutswa ngati munthu akulankhulira m'madzi.

Ba Norah anayang'ana foni, anayang'ana nsungwi. Tinzere tinali todzaza ndithu, kutanthauza kuti vuto silinali mtunda. Ankazidziwa zimenezi, anazionapo pa kampu ina ku Livingstone pomwe basi yodzaza ana a sukulu inafika madzulo. Wayifayi ikakhala yodzaza koma osayenda, ndiye kuti pali ena akudya nawo.

"Ba Dumi, muona chani kunja kwa mpanda?"

Ba Dumi anasuzumira ali padengapo, n'kuyankha motsitsa mawu kuti akuona msonkhano. Kunja kwa mpanda kunali mawelda ndi akalipentala a mumsewu umenewo, amene magetsi akapita amasowa chochita. Pasiwedi ya ba Kapambwe ankaidziwa onse kuyambira kale, kungoti masiku onse ankachita kusinthana kutsamira khoma la kuseri kwa firiji, munthu mmodzimmodzi. Lero wayifayi inawapeza yokha pomwe anakhala. Wina ankaonera mpira, wina mafilimu a ku Nigeria, wina anaitana mlamu wake wa ku Mtendere kuti abwere msanga zinthu zatseguka.

Ba Norah anati asinthe pasiwedi. Ba Kapambwe anati amene anaiika anasamukira ku Solwezi, ndipo iwo amangodziwa kuitchula. Ba Kapambwe anatuluka kukapempha azibambowo kuti azimitse mafoni, onse anavomera mwaulemu, "Ee mayo, tazimya," zala zikupitiriza kuseri kwa mawondo. Uthenga wa Ndaona unalowa movutikira: apongozi akufunsa ngati ayambe.

Ba Norah anaima pakati pa bwalo, manja ali m'chiuno. Kenako anafunsa ngati pa nyumbapo pali ng'oma. Panalibe. Anafunsa ngati pali chigubu chopanda madzi, ndi azimayi angati amene angabwere atangomva kuitana kumodzi. Ba Kapambwe anawayang'ana, maso awo n'kuyamba kuwala ngati a mwana woona chitumbuwa.

Sipanatenge nthawi. Anabwera wogulitsa tomato, anabwera osoka zovala awiri, anabwera mayi wina wa Chigwirizano ali ndi ufa m'manja. Onse anamanga zitenje zolimba m'chiuno. M'malo motsekera chilangizo m'nyumba monga mwa masiku onse, ba Norah anatsegula geti mbali zonse ziwiri, anakhazika oimba zigubu pakhomo penipeni, n'kuyambitsa nyimbo ya alangizi, ija yoyamba, yomwe mawu ake sangalembedwe pa pepala. Ba Kapambwe anaponda pansi, chiuno chonse chija n'kuyamba ntchito, akulunjika kwa mawelda.

Mwamuna wa mu komboni atha kupirira njala, apolisi ndi mkazi wolongolola, koma sangakhale pansi pomwe azimayi a msinkhu wa mayi ake akuimba za kuchipinda. Woyamba kunyamuka anali mkulu wina wa mpingo, amene anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi pokapita. Wa mpira uja anayesa kulimba, maso ali pa foni, mpaka anazindikira kuti mmodzi mwa ovinawo ndi apongozi ake. Anasiya patapata imodzi. Mlamu wa ku Mtendere anakumana nawo pa kona akuthawa, naye anatembenuka osafunsa. Msewu unayera mpaka ku malo ochapira magalimoto, kutali komwe wayifayi ya ba Kapambwe sinafikeko chibadwire.

Panatsala mwamuna mmodzi, padenga la basi, atagwira nsungwi, maso atatseka mwamphamvu ngati kutseka maso kumatsekanso makutu.

"Na imwe ba Dumi, seluka."

"Nanga nsungwi?"

"Mangani ku keriya. Muyende mukagule drinki, musabwele mpaka nikuitaneni."

Anamanga mfundo zake ku zitsulo zomangirapo katundu mofulumira kuposa tsiku lina lililonse, natsika, napita osacheuka.

Azimayi anatseka geti, zigubu zikulirabe kuti wina asayerekeze kubwerera. Ba Norah anakhala pa mphasa m'mbali mwa minibasi, foni anaitsamiritsa ku ndowa, naimba. Nkhope ya Ndaona inabwera, ndipo ulendo uno inakhala. Anali atagwada pa kapeti, chitenje chili pa mapewa, mutu woweramitsa monga anamuuzira. Kumbuyo kwake chitseko chinali chotsegula pang'ono, mayi wa akuchimuna uja atasuzumira.

Ba Norah anatembenuza foni pang'onopang'ono kuti aoneke onse: ba Kapambwe ali thukuta kamukamu, osoka zovala, wa tomato, wa ufa m'manja, ndi ena amene anali akulowabe podumpha mpanda wa kuseri.

"Mayo," anatero ba Norah kwa mayi wa pa chitseko uja, mawu ali ofewa ngati batala, "zikomo potisungira mwana. Abale ake tafika. Mungatitsekereko chitseko?"

Chitseko chinatsekedwa. Ndaona anadzutsa mutu, misozi ili mbwembwembwe, akuseka.

"Anti, bonse aba ni bandani?"

"Ni banyoko, bamai bako bonse. Weramitsa mutu, tiyambe."