Maina amene Maniben anaitana

Zaka zisanu zisanakwane chifikireni njanji ku Limbe, a Mwanakombo anaitanidwa kuseri kwa sitolo ya Mmwenye wina wosoka zovala, dzina lake Dayalji. A Mwanakombo anali azamba, Msilamu wa kuphiri la Mpingwe, ndipo manja awo anali atalandira ana osawerengeka. Maniben, mkazi wa Dayalji, matenda a kubereka anamuyamba m'mawa, ndipo m'Limbe monse munalibe mkazi wa mtundu wake woti amugwire dzanja.

Dzuwa lili paliwombo zinthu zinavuta, poti mwana anagona chopingasa. Maniben, thukuta lili kamukamu, anayamba kuitana maina: Amba, Durga, Lakshmi, ndi ena amene lilime la a Mwanakombo silikanatha kutchula. Azambawo anatulukira pakhonde pomwe panali mwamuna wake.

"Bambo, akazi anu akuitana abale awo. Ali kuti amayi amenewa? Tumani munthu."

Dayalji anaweramitsa mutu. "Afika kale," anatero.

A Mwanakombo sanamvetse, koma nthawi yofunsa panalibe. Mwana anabadwa dzuwa litapendeka, wamwamuna, ndipo sanalire. Azambawo anamutikita, namuuzira mpweya, koma ayi ndithu. Bambo wake anamukulunga m'nsalu yoyera yosagwiritsapo ntchito napita naye kukamuika.

Tsiku lililonse a Mwanakombo ankabwera kudzathowa Maniben ndi madzi otentha. Iye sankalira, ankangoyang'ana kudenga. Tsiku lachitatu anamufunsa za abale aja. Maniben analoza pakona pomwe panali kansalu kotchinga. A Mwanakombo atakatsegula anaona kanyale koyaka ndi tiziboliboli tamkuwa: mkazi wokwera mkango, wina wa manja anayi, ndi mwamuna wa mutu wa njovu. Anapempha chikhululuko kwa Allah chamumtima. Moyo wawo wonse ankadziwa kuti tchimo loposa onse ndi kumuika Mulungu pamodzi ndi ena.

"Ndiye pa onsewa, watenga mwanayu ndi uti?" anafunsa, mawu atawauma kuposa momwe ankafunira.

Maniben anayankha m'Chinyanja chake chodukaduka, chimene anatola kwa ogula. "Alipo mmodzi, amayi. Wopatsa ndi yemweyo, wotenga ndi yemweyo."

"Nanga khamu lonseli?"

"Iye ndi wamkulu, maso anga ndi aang'ono. Ndikachita mantha ndimamuona ali pamkango. Tsiku lija ndinkafuna mayi, ndiye ndinamuitana ngati mayi."

Nsalu yothowera inkadontha m'manja mwa a Mwanakombo. Anakumbukira malemu amuna awo, momwe ankakhalira pamkeka akatha kuswali, zala zikuyenda pa mikanda ya tasibi, akutchula Mulungu dzina ndi dzina: Wachifundo, Wopatsa, Wochotsa moyo.

"Za maina ndamva," anatero. "Nafenso tili nawo ambiri. Koma nkhope ayi, mwananga. Mulungu alibe nkhope."

"Atate anga ankateronso, kuti alibe," anatero Maniben. "Koma ine ndikadandaula ndimafuna wondiyang'ana."

Atangotero analira koyamba chimwalirireni mwana. A Mwanakombo anabwezeretsa kansalu kaja, nakhala pabedi atafulatira kona ija, namugoneka pamiyendo mpaka kulira kunatha.

Pokwera phiri kubwerera kwawo anaganiza zosapondanso m'nyumbamo. Sanauze munthu aliyense zimene anaona, ngakhale ashehe. Koma kutacha anakumbukira kuti mkaka wa Maniben watsika ndipo palibe woyamwa, komanso kuti mtsikanayo sakudziwa chochita. Anatenga nsalu yomangira pachifuwa nanyamuka.

Anapitiriza kubwera mpaka mwezi unatha. Pa za nkhope sanagwirizane, ndipo nkhaniyo sanaiyambenso. Nthawi yoswali ikawapeza komweko, Maniben ankawatungira madzi osamba m'manja ndi kumapazi, nawayalira mkeka pakhonde lakuseri, iye n'kukhala pakhomo kuti ogula asawasokoneze.