Pampu Youma

Injini ya makina okumba itangolira, pampu yatsopano inayamba kukuwa ngati galu wopondedwa mchira. Amakaniko anangoima, manja ali lende. Amene anathamanga kukazimitsa anali alamu awo, eni galajayo.

Linali tsiku loyamba amakaniko kugwira ntchito chiikireni maliro a akazi awo. Alamuwo, achimwene a malemu, anali atawaletsa, koma iwo anachonderera. Kunyumba kunali zii, sankafuna kuswerako.

Amakaniko anaimasula pampuyo n'kuiyala pabenchi. M'kati mwake mumakhala mgolo wachitsulo, mapisitoni atandanda mozungulira. Mgolo ukamazungulira, mapazi a mapisitoniwo amatsetsereka pa mbale yopendekeka, ndiye amalowa n'kutuluka, uku akuyamwa oyilo, uku akumukankhira ku mkono wa makina. Koma mapaziwo safuna pouma. Pampu yatsopano umayamba waithira oyilo m'mimba usanalize injini, ndipo pagalajapo amene ankalalatira anzawo za zimenezi anali amakaniko omwewo.

Mapazi onse anali atapsa. Mbale inali mizeremizere, fumbi lachikasu la mapazi operesekawo lili mbuu. Jagi ya oyilo inali pansi pa benchi, yodzaza mpaka m'khosi.

"Alamu, inu amene?" anafunsa eni galaja. "Kumutuma mwana kumunda asanamwe n'kamadzi komwe?"

"Ndinaiwala."

"Basi? Mawu ake ndi omwewo?"

Amakaniko anafufuza manyazi mumtima mwawo, osawapeza. Ngakhale mantha munalibe. Ankangopukuta pisitoni imodzi ndi kansanza, ngati ingachire.

"Isiyeni, madzi akatayika saoleka," anatero alamuwo motsitsa mawu. "Mwini makina ndithana naye ndekha. Chibale ndi fupa, sichiola, ntchito yanu palibe aitenge. Koma lero ndi pampu, mawa mkono wa makina udzagwera munthu. Kapumuleni kunyumba mpaka mutu ubwerere m'malo."

"Ndipatseni zotsukatsuka zokha. Sipanala sindikhudza."

"Ayi, alamu."

"Kapena ndizisesa."

"Mlongo wanga akanakhalapo akanakuuzani zomwezi. Pitani."

Amakaniko anavula ovololo n'kuipachika pamsomali. Sanasambe m'manja. Anayenda mumsewu dzuwa lili paliwombo, akupatukira magalimoto pokhapokha akawaimbira hutala.

Atafika pakhomo anagogoda ndi chigongono, monga mwa masiku onse, poopa kudetsa chitseko ndi manja a oyilo. Anaima pamenepo kwa kanthawi ndithu. Kenako anapisa m'thumba kufuna kiyi.