Bala pa Boneti ya Lyford

"Ndati musapake, alamu!"

"Nanga tionetse chiyani? Utotowu ndi wofiira, galimoto ndi yofiira. Pa foni angasiyanitse ndani?"

"Kufiira kwake si kumodzi."

"Mbwenu khalani nako kufiira kwanuko. Akakalipa muyankha nokha."

Kezia anaima ndi kabotolo ka utoto wa m'zikhadabo m'manja, mwana ali kumbuyo. Tumbikani anatchinga boneti ndi thupi lake ngati thadzi pa anapiye. M'mphepete mwa bonetiyo, momwe chitsulo chimapindikira, munali bala lotuwa ngati phulusa, kukula kwake ngati nyemba. Analipanga yekha m'mawa womwewo.

Galimotoyo inali ya Lyford, mkulu wa Tumbikani, mwamuna wa Kezia, amene ankagwira ntchito ku Joni. Anabwera nayo pa Khirisimasi ina, nazungulira nayo Mzimba yense mpaka kwa makolo ku Edingeni. Kenako anaikweza pa njerwa m'chisakasa cha malata n'kubwerera, kiyi ali m'thumba. Tumbikani, amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4, anamusiyira makina opolishira, masiponji, ndi mawu akuti, "Uisamale kaye. Ndikakukonzera malo."

Ntchitoyo anaikonda, tisaname. Anaphunzira pa foni kudontheza polishi pa siponji ndi kuyendetsa makina pang'onopang'ono, osadinikiza. Fumbi likakanda penti, ankachotsa timizere tonse mpaka chitseko chisanduke dziwe. M'dziwemo ankaona mitambo ikulowera kummwera. Ankaonamonso Charlotte, chibwenzi chake, amene anakwera basi ya ku Joni akumunong'oneza kuti asachedwe. Lamlungu lililonse Lyford ankaimba foni ya vidiyo kuti amuzungulitse galimoto yonse.

"Yewo chomene, mng'ono wanga! Manja ngati akowa kulibe. Nanga ndikakutenga, andisungire ndani?"

Tumbikani ankangoti mwina sinawale mokwanira, n'kulumikizanso makina ku magetsi. Koma makina amenewa sapaka kanthu, amasenga. Ulendo uliwonse amadyako kachikopa ka pamwamba pa penti. M'mawawo basi inaliza hutala kumsewu, mtima wa Tumbikani unakwera nawo, dzanja linaima malo amodzi. Anadzidzimuka ndi fungo la chinthu chopsa.

"Mukuyesa ine ndikulira penti?" anatero Kezia, mawu atatsika. "Akulu anu anena kuti ndimalola ana kusewera muno. Aimbira apongozi ku Edingeni kuti sindisamala katundu. Inu ndi magazi ake, ine anachita kundilowola."

Chichokereni Lyford, mayiyu ngakhale kumsika ankapita chothamanga, kuopa mbuzi za anansi zingalowe m'chisakasa.

Foni inalira m'thumba mwa Tumbikani. Onse awiri anayang'anana.

"Zili bwanji kumeneko?" Nkhope ya Lyford inadzaza galasi, chipewa chili m'mbali. "Tiyeni, ndionetseni mkazi wanga wamng'ono."

Kezia anayang'ana pansi, nabisa kabotolo m'chitenje. Tumbikani anayambira kumbuyo kwa galimoto. Anaonetsa magetsi, chitseko, chitseko chinanso. Lyford ankaliza mluzu, akuitana anzake kuti adzaone. Atayandikira kutsogolo, Kezia anam'kodola kuti alumphe pamenepo. Koma Tumbikani anatsitsa foni mpaka pabala penipeni.

"Chimenecho n'chiyani? Yanyera mbalame?"

"Ndawotcha ndine, akulu, ndi makina. Alamu sanaikhudze."

Mluzu unatha. Kumbali ya ku Joni kunkangomveka magalimoto akudutsa.

"Wawotcha? Iwe, manja onse aja?"

"Penti watha, akulu. Ndasenga mpaka wapyapyala."

"Chabwino, chabwino, usalire. Ndikutumizira penti wake weniweni pa basi, ndi siponji zofewa. Ukonze bwinobwino, ndidzaipeze ikuwala. Chinanso ukufuna chiyani? Nena msanga, ndili pa ntchito."

Tumbikani anayang'ana malata, njerwa, matayala olendewera m'malere. Mawu anatuluka okha.

"Sindikufuna siponji, akulu. Ndikufuna kuchoka pano. Pezani wina wolondera galimoto yanu, ine mundilole ndikwere basi."