Funso la Pansi pa Tsamba

Mtsuko wofiira wa Firmin unali utafika kale patebulo la pawindo pamene Firmin anaona kuti pampando wa Léonie pakhala a Thouvenin, eni fakitale.

Pafakitale yagalasi ya ku Nancy imeneyi, mtsuko uliwonse wa maluwa unkaunikidwa kaye pawindo usanakulungidwe m'udzu, ndipo woyang'ana anali Léonie. Wopezeka ndi chilema ankauphwanya, zidutswa n'kubwerera kung'anjo.

Pamtsukowo Firmin anazokotapo mzere wa ndakatulo yamakedzana, ya woimba wosauka amene ankaimbira mwana wa mfumu pansi pa nsanja. Koma pansi pa tsamba lina la maluwa amene anawazokota pamtsukowo anabisapo mawu akeake, tizilembo tooneka pokhapokha dzuwa likadutsa m'galasimo. Chaka chathunthu anali akulephera kuwatulutsa pakamwa.

"Uwu ukupita kuchionetsero ku Paris, ndiuona ndekha," anatero a Thouvenin akuvala mandala.

Anaunyamula mtsukowo n'kuuzunguza pang'onopang'ono. Kufiira kwa maluwa kunawagwera pandevu. Kenako anaima.

"Firmin, tabwera kuno. Amene analemba ndakatuloyi anamwalira zaka mazana asanu zapitazo. Nanga Léonie wathuyu anamudziwira kuti?"

Mawilo ozokotera onse anaima.

"Bwana, kungoti ine..."

"'Léonie, kodi ungalole kuti ndikukwatire?'" anawerenga mokweza mkuluyo. "Zaka makumi anayi ndikuunika magalasi, lero ndi tsiku loyamba kufunsiridwa. Pepa mnyamata, ndili pabanja."

Amayi okulunga mitsuko anaseka mpaka kugwirana mapewa. Firmin anangoyang'ana nsapato zake. Ntchito ya milungu isanu, mwinanso ntchito yake yomwe, zonse zinali m'manja mwa nkhalambayo, ndipo Léonie anali ataima pakhomo ndi mtolo wa udzu, atamva zonse.

"Lamulo pano ndi limodzi, wachilema timaphwanya," anatero a Thouvenin. "Koma woweruza si ine. Léonie, mpando wako uwu."

Léonie anatula udzu uja n'kukhala. Kanyundo kanali pambali pake. Anauzunguza mtsukowo padzuwa kamodzi, kawiri, katatu, osamuyang'ana Firmin.

"Chilema chilipo, bwana."

Firmin anatsinzina, akudikira kulira kwa galasi.

"Ulesi wa anthu ena," anapitiriza Léonie. "Tsamba ili alembapo, linalo alisiya lopanda kanthu. Ku Paris sungapite chonchi. Tenga, Firmin. Pansi pa tsamba linalo ukazokotepo kuti inde."

"Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa," anatero a Thouvenin akupukuta mandala awo. "Uwo ndi wanu. Wa ku Paris uyambe wina lero lomwe, Firmin, ndipo usafunsirenso munthu."

Firmin anakhala pawilo lake n'kuyamba kuzokota. Léonie anakoka mpando, n'kumugwirira mtsukowo kunsi mpaka zilembo zinayi zija zinatha.